Atsikana a Kiriketi a ku Pakistan

Ulendo uno tichoke kaye kunyanja kuno tipite ku Pakistan, kumene masewero a kiriketi amakondedwa monga ife tikondera mpira wamiyendo. Kwa amene simunawaonepo: timu imakhala ndi anthu 11. Wina amaponya kampira kolimba, wa timu ina amakamenya ndi thabwa n'kuthamanga kuti apeze mapointi otchedwa ma run. Kampirako kakagwetsa timitengo tozikidwa kumbuyo kwa womenyayo, ndiye kuti watuluka.

Timu ya amayi ya dzikolo sinayambitsidwe ndi boma ayi. Anaiyambitsa ndi atsikana awiri a bere limodzi a ku Karachi, Shaiza Khan ndi mng'ono wake Sharmeen, amene anachita maphunziro awo ku England. Atayesa kukonza masewero a atsikana kwawo, anthu ena anawaopseza kuti awapha, ati Chisilamu sichilola. Izi ine zimandidabwitsa, pakuti ku madrasa timaphunzitsa ana kuti Mtumiki (SAW) anapikisanapo liwiro ndi mayi Aisha (RA). Za mavalidwe ndi malo osewerera n'zoyenera kukambirana ndithu, koma kuopseza mwana wa mwini si dini.

Amene anawagwira dzanja ndi bambo awo, mwini fakitale ya makapeti. Ndalama zinkachokera kunyumba, ndipo atsikanawo ankaphunzirira pa bwalo la pafakitalepo.

Chiyambi chinali chochititsa manyazi. Mu Januwale 1997 ku Christchurch, timu ya New Zealand inapeza ma run 455, iwo n'kupeza 47 okha. Mwezi wotsatira ku Melbourne, Australia inapeza 397, iwo onse n'kutuluka ali ndi 23. Chaka chomwecho anapita ku mpikisano wa dziko lonse ku India, kumene anagonja masewero onse asanu. Akanakhala ena akanalongedza mathabwa aja n'kukasonkhezera moto.

Koma taonani zotsatira. Mu 2003, Sajjida Shah, mtsikana amene analowa m'timuyi ali ndi zaka 12, anatulutsa osewera 7 a Japan atangowalola ma run 4. Mu 2004 ku Karachi, pa masewero a masiku angapo otchedwa Test, Kiran Baluch anamenya ma run 242 yekha posewera ndi West Indies, ndipo palibe mayi wina pa dziko lonse amene wafikapo pamenepo m'masewero a mtunduwu. Shaiza uja anatulutsa anthu 13 pa masewero omwewo. Mu 2005 bungwe la Pakistan Cricket Board linatenga timuyi m'manja mwake. Motsogozedwa ndi Sana Mir, inapata mendulo ya golide pa Asian Games ku Guangzhou mu 2010 ndiponso ku Incheon mu 2014, maulendo onse awiri itagonjetsa Bangladesh.

Tisakokomeze. Timuyi sinafikepo m'ndime ya matimu anayi omaliza pa mpikisano wa dziko lonse, ndipo kuchokera mu 2009 mpaka 2022 sinapambane ngakhale kamodzi pa mpikisano wa masewero a tsiku limodzi umenewu.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Bismah Maroof. Kale mtsikana akakwatiwa, kawirikawiri masewero ankathera pomwepo, monga sukulu imathera kwa ana athu ambiri m'midzi muno. Mu 2021 Bismah ali woyembekezera, bungwe lija linakhazikitsa lamulo loti wosewera apite ku tchuthi cha uchembere mpaka miyezi 12 akulandirabe malipiro, ndipo akabwerera, bungwelo lizilipira theka la ulendo wa munthu womulerera mwana. Anabereka mwana wamkazi mu Ogasiti chaka chomwecho. Pofika Malichi 2022 anali ku New Zealand akutsogolera timu, ndipo womuyang'anira khandalo anali mayi ake omubereka, amene anasiya pakhomo n'kukwera naye ndege.

Pa 8 Malichi, posewera ndi Australia, Bismah atakwanitsa ma run 50 anapinda manja ngati wanyamula khanda, akuyang'ana kumene kunakhala mwana wake ndi agogo ake. Anamaliza ndi 78 osatuluka. Masewerowo anagonja. Patapita masabata awiri anagonjetsa West Indies.