Foni yanu ni tebulo yanu, amene aigwira agwira pa nsima ya ana

Amayi na atate a mumsika, imwe a ku Soweto, City Market, Kamwala, Chawama, Matero, Mtendere, na imwe a ku Kapata ku Chipata. Nidziwa kuti ambiri muwerenga izi muli chiimire, diso limodzi pa foni, lina pa kasitomala amene apindapinda salaula koma sagula. Werengani chabe pang'onopang'ono. Bundle ikatha mudzapitiriza mailo.

Nifuna tikambe za kafoni kameneko kali m'manja mwanu.

Masiku apitawa ninapita kukaona amayi anga aang'ono amene agulitsa tomato na anyezi. Ninapita kukapereka moni chabe, koma ninakhala pa benchi yawo mpaka dzuwa kupendeka, cholinga nione m'mene tsiku lawo liyendera. Kukali mdima anali atatumira kale dilaiva wa thiraki yochoka ku Mkushi kuti amve pamene yafika. Pa gulu lawo la WhatsApp anali ataona kale kuti bokosi yauka pa zingati, chifukwa munthu sapita ku oda osadziwa mtengo, angamudye mutu. Mlimi anamulipira pa foni. Mayi wina wa ku mayadi anaoda pa WhatsApp, katundu anapita na mnyamata wa njinga yamoto, ndalama inalowa pa foni. Ya chilimba pa foni. Ya mwana ali ku koleji pa foni. Ninawerenga kuti tsiku limenelo anatumiza ndalama kasanu na kawiri.

Ninawafunsa kuti, kodi amayi, foni iyi ikasowa mungachite bwanji? Anaseka, ati, "Mwana wanga, tebulo ba kanso angainyamule, nizakhoma ina. Koma foni ikazima, naine nazima."

Manje apa ni pamene pali nkhani yanga. Mukamva pa wailesi akamba za malamulo a intaneti, za ZICTA, za cyber, ambiri mumaganiza kuti izo ni za ana a ku UNZA na apamwamba amene atukanana pa Facebook mu Chizungu. Awe. Ni zanu kuposa za iwo. Wapamwamba intaneti ikazima akhumudwa chabe. Imwe ikazima, tomato iola.

Tiyambe na ndalama, pakuti ndiyo imawawa tsiku lililonse. Kuyambira mu January 2024, boma linaika levy pa ndalama zimene munthu atumiza kwa mnzake pa mobile money. Inayamba pa 8 ngwee kufika pa K1.80, malinga na kuchuluka kwa ndalama, ndipo mu 2025 anaikweza. Wina adzakamba kuti, ah, tungwee chabe, mulira chani? Amene akamba choncho sanagulitsepo rape ya K5. Choyamba, tungwee utu tubwera pamwamba pa zimene kampani ya foni idula kale potumiza, na zimene mudulidwa pochotsa ndalama pa booth. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chinanikhudza pamene ninakhala pa benchi ija, ndalama imene iyenda pa foni ya marketeer si phindu. Ni mpamba. K500 imodzimodziyo ichoka kwa kasitomala kubwera kwa imwe, ichoka kwa imwe kupita kwa mlimi, mailo ibwelanso, ipitanso ku chilimba. Ni ndalama imodzi, koma paliponse pamene yasuntha, alumako. Levy iyi sifunsa ngati mwapindula kapena ngati theka ya bokosi yaphwanyika m'njira. Olo tsiku limene mwagulitsa pa losi, yalipilidwa.

Ndipo kumbukani kuti simunalowe mu mobile money chifukwa chokonda fashoni. Munathawa akawalala amene amang'amba chikwama mu basi. Munaona City Market itapsa mu July 2017, katundu wa anthu kusanduka phulusa usiku umodzi, mukaphunzira kuti chuma chonse sichigona pa tebulo. Akuluakulu okha anali kutilimbikitsa kuti siyani cash, yendani na nyengo. Tinamvera. Titalowa tonse m'khola, anaika munthu wa msonkho pa chitseko.

Za malaiti sinidzatalikitsa, muzidziwa kuposa ine. Chilala cha 2024 chinali chenicheni, boma linachitcha tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, madzi ku Kariba anatsika, ndipo tinafika pokhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Mvula siigwa na lamulo la ku State House, icho nivomera. Koma ogulitsa nkhuku na soseji anataya katundu mu filiji, a barbershop na a welding anagona pa benchi, ndipo amayi anga anali kulipira kuti achajise foni kwa munthu wa sola. Foni imodzi, mulipira pochajisa, mulipira bundle, mulipira levy.

Manje tiuzidwa kuti zinthu zawama, kwacha yalimba, inflation itsika. Ni zoona kuti kumayambiriro kwa 2025 inflation inali pamwamba pa 16 peresenti ndipo pambuyo pake inayamba kutsika. Sinizakunamizani pa icho. Koma lekani nikumasulireni mawu aya, chifukwa awagwiritsa ntchito monga kuti tonse tinapita ku sukulu ya economics. Inflation ikatsika sindiye kuti mitengo yabwerera pansi. Ni monga basi imene inali kuthamanga maningi, manje dilaiva wachepetsako liwiro. Basi ikali kupita komweko. Pamene inakufikitsani kale, mulipo. Thumba la unga la 25 kg limene linapitirira K300 mu 2024 linadya mpamba wa anthu ambiri, ena analowa mu kaloba nthawi imeneyo ndipo mpaka lero akali kubweza. Kasitomala wanu amene kale anali kugula meda ya kapenta, manje apempha ya K10 na mbasela pamwamba. Uyo ndiye lipoti ya chuma imene ine nikhulupirira.

Ndiye chifukwa chake chimene ninaona madzulo a tsiku lija chinaniwawa kuposa za levy.

Pa gulu lawo la WhatsApp, mayi wina anaika chithunzi cha lisiti ya mafuta ophikira na shuga, pansi pake analemba mawu awiri atatu odandaula. Sanatukane munthu. Sanatchule dzina la nduna. Pasanapite mphindi zisanu, admin anachifuta, ati, "Osaika vandale muno, tizamangiwa tonse." Gulu lonse zii. Amayi okalamba amene angakuwe msika wonse ngati wawabera chenji, anakhala chete chifukwa cha lisiti ya saladi.

Mantha aya sanagwe kumwamba. Mu April 2025, President Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri, Cyber Security Act na Cyber Crimes Act, kulowa m'malo mwa lamulo la 2021. Malamulo aya afuna kuti makampani a mafoni na intaneti akhale na makina otheketsa boma kumvetsera na kuona zimene ziyenda pa mafoni, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi lili pansi pa ofesi ya President. Maloya a LAZ anadandaula poyera. Ofesi ya kazembe wa America mu Lusaka inachenjeza nzika zake. Boma linayankha kuti palibe amene adzamvetseredwa popanda chilolezo cha khoti, ndiponso kuti malamulo aya ni ogwirira akuba a pa intaneti na ovutitsa anzawo. Akuba aja a "tumizani pa nambala iyi" alipodi, ambiri a imwe anakuliritsani, ndipo ine nifuna agwidwe. Koma lamulo likalembedwa na mawu otakata, loti munthu wamba sangadziwe pamene kudandaula kuthera na pamene mlandu uyambira, ntchito yake igwirika olo wapolisi asanabwere. Admin afuta yekha. Imwe mudziluma lilime mwekha. Palibe docket, palibe khoti, koma pakamwa patsekedwa.

Chimene chinidabwitsa ni chakuti a Hichilema adziwa bwino kuwawa kwa izi. Pamene lamulo la cyber la 2021 linali kupita mu nthawi ya a Edgar Lungu, iwo anali ku opposition ndipo analitsutsa mwamphamvu kuti ni lozonda anthu. Pa 12 August 2021, tsiku lovota, WhatsApp na Facebook zinazima m'dziko muno, mpaka a Chapter One Foundation anathamangira ku khoti ndipo High Court inalamula kuti zitsegulidwe. Achinyamata amene anawaika pa mpando anavota tsiku lomwelo na mafoni osalankhula. Ndipo mu December 2022 anachotsa mlandu wonyoza President m'malamulo athu. Pamenepo anachita bwino, tiyamikire pamene pali poyamikira. Nanga munthu amene anatsegula zenera na dzanja lamanja, atsekeranji chitseko na lamanzere?

Apa lekani nikambe chimene anzanga ena m'chipani sadzakondwera nacho. Matenda aya si a chipani chimodzi. Mu 2018 boma la nthawi imeneyo linalengeza kuti lidzaika 30 ngwee pa tsiku pa mafoni oimba pa intaneti. Aliyense akakhala kunja akonda Facebook, chifukwa ndiyo wailesi yake yaulere. Akalowa mkati, Facebook imodzimodziyo iyamba kumununkha. Chimodzimodzi na makada m'misika na m'masiteshoni. Mu 2021 tinalonjezedwa kuti zatha. Imwe amene mulipira pa geti m'mawa uliwonse ndimwe mudziwa ngati anachokadi kapena anasintha chabe mtundu wa kapu. So ine sinibwera kwa imwe kuti nikambe kuti ife ndife angelo. Ngati munthu wa chipani chathu abwera na chitenge na ka K50, chitenge tengani, muvale, koma mumufunse mafunso amodzimodzi amene mufunsa enawo.

Mafunso ake si ovuta. Kodi mudzachotsa levy pa ndalama zing'onozing'ono zimene marketeer atumiza? Kodi mudzalemba m'malamulo kuti palibe boma lidzazimanso intaneti, kaya pa chisankho kaya pa chipolowe? Nanga malamulo a 2025 mudzawakonza pati, ndime iti, mwezi uti? Akayamba kuzungulira ati tidzaona tikalowa, mwadziwa kale. Tinamvapo nyimbo iyo.

Ndipo pa foni pamenepo, ine niona kuti chida chanu chachikulu si kutukana. Kutukana kupatsa chabe wapolisi chifukwa, ndipo kunyoza mtundu wa munthu ni uve, olo achite ni wa chipani chathu. Mu msika mulibe Mtonga, Mbemba, Mlozi na Mngoni, muli chabe amene wagulitsa na amene sanagulitse. Ma voice note aja obwera usiku, opanda dzina, ati mailo mabanki onse atsekedwa, osawapititsa patsogolo. Bodza limodzi likagwidwa, zoona zanu khumi zitayika nalo.

Chida chanu ni mtengo. Nonse muli na kabuku kaja ka ngongole, kolembamo amene anatenga tomato ati nizalipira pa monthend. Tsegulani tsamba lakumbuyo. Pa 1 mwezi uliwonse lembani: unga zingati, malasha zingati, saladi, shuga, basi yochoka ku komboni kufika mu town, levy ya pa msika, bundle. Lembani na deti. Nduna ingatsutse ine, ingatsutse nyuzipepala, ingatsutse chipani chathu ati ni nsanje. Koma siingatsutse dzanja la mayi amene analemba mtengo wa malasha miyezi khumi yotsatizana. Kukamba mtengo umene mwagulira chinthu si mlandu, ndipo tsiku limene udzakhala mlandu ndiye kuti dziko latha. Akabwera ofuna mavoti, a boma na a ife tomwe, musawaimbire nyimbo poyamba. Tsegulani kabuku, awerenge ataimirira pamenepo pa matope.

Chisankho chili pa 13 August 2026, pa Chinayi. Nidziwa vuto yake, mzere ni wautali ndipo tomato siyembekeza munthu. Pangana na mnzako wa tebulo yapafupi, wina apite m'mawa wina masana. NRC na voter's card muziike pamodzi manje, osati kuzifuna usiku wa pa Chitatu na tochi ya foni.

Pamene ninali kunyamuka, amayi anga aang'ono ananiikira tomato mu pulasitiki, anayi na mbasela imodzi, ndalama anakana. Ninawauza kuti nifuna kulemba zimene naona. Anavomera, ati lemba zonse, za levy, za malaiti, za lisiti ija. Nitafika pa geti ananiitananso, anayang'ana uku na uku, ati, "Koma dzina langa na msika wanga usaike."