MPHUNZITSI AMENE ANANYANSIDWA NDI BUKU LAKE LOMWE

Aliyense amene anapitapo ku masitolo olembera makalata pa kompyuta ku Chipata, Katete kapena Petauke alidziwa bvuto ili. Kalata imatuluka yoyera ndi yooneka bwino, koma mau ena adulidwa pakati molakwika, ndipo kacizindikiro kaja kamene kamatsatira "ng" kasowa. Mwini kalata amalipira ndalama zake nabwerera kumudzi osanena kanthu, poganiza kuti makina salakwa. Komatu kacizindikiro kameneka si kocepa nchito. Ng'oma ndiyo imene imalira pa Gule Wamkulu, pamene ngoma ndi nyama ya kuthengo ya nyanga zopotoka.

Ku dziko la America kuli munthu wina amene anakana kukhala cete pa nkhani yotere. Iyeyu ndi Bambo Donald Knuth, amene anabadwa m'caka ca 1938 ndipo anaphunzitsa za makompyuta pa Yunivesite ya Stanford. M'caka ca 1969 iwo anaturutsa gawo laciwiri la buku lao lochedwa The Art of Computer Programming. Bukulo linasindikizidwa mwa njira yakale ya makina a Monotype, amene anali kuumba cilembo ciri conse ndi mtobvu wosungunula. Zilembo zake zinali zakuda bii ndi zokoma m'maso.

Patapita zaka, bukulo linafunika kusindikizidwanso, koma osindikiza anali atasiya mtobvu nayamba njira yatsopano yojambula zilembo monga zithunzi. M'mwezi wa March 1977 a Knuth analandira masamba oyesera, ndipo powaona mtima unawawawa. Mau anali ao ndithu, koma maonekedwe anali onyansa. M'malo mongodandaula, iwo anaganiza zoiphunzitsa kompyuta nchito ya mmisiri wosanja zilembo. Anayesa kuti adzatsiriza m'miyezi yowerengeka. Nchitoyo inawatengera zaka pafupi-fupi khumi.

Cimene cinaturuka ndi pulogalamu yochedwa TeX, imene inayamba kugwira nchito mu 1978, pamodzi ndi inzake Metafont, youmbira maonekedwe a zilembo. Osindikiza amaucha fonti mtundu uli wonse wa zilembo, ndipo fonti ya a Knuth inachedwa Computer Modern. Buku lija linaturukanso mu 1981, koma mwini wake sanakhutirebe ndi zilembo zake zomwe. Anapempha thandizo kwa amisiri a zilembo monga Hermann Zapf wa ku Germany, nakonzanso mpaka mu 1986. Pulogalamuyi anaipereka kwaulere, ndipo akatswiri a masamu ndi sayansi m'maiko ambiri akali kulembera mabuku ao pa iyo, makamaka kudzera mu LaTeX, imene Bambo Leslie Lamport anaimanga pamwamba pa TeX.

Luso lake lalikulu liri pa kasanjidwe ka mizera. Makina ambiri amadzaza mzera umodzi, nadumphira pa wotsatira osayang'ana kumbuyo, ndipo cifukwa cake mau amathithikana pena, pena natalikirana ngati mano a nkhalamba. TeX imayamba yayang'ana ndime yonse, kenaka nkusankha malo odulira mizera kuti mipata ifanane kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamene liu latalika, imalidula pakati motsata malamulo amene wophunzira wa a Knuth, Frank Liang, anakonza mu 1983.

Apa ndipo nkhaniyi ifikira olankhula Cinyanja. Malamulo oyambirirawo anali a Cingerezi, ndipo mapulogalamu ena amene ali m'masitolo, monga Microsoft Word, kawiri-kawiri amakhala ocheredwa pa Cingerezi. M'Cinyanja liu limadulidwa pambuyo pa a, e, i, o kapena u pafupi-fupi nthawi zonse. Mwana wa Giredi 1 amawerenga kuti nyu-mba, ci-nga-nga, ku-li-mba. Makina oganiza m'Cingerezi angathe kulemba "nyum" kumapeto kwa mzera ndi "ba" pa mzera wotsatira, ndipo agogo owerenga mokweza pa khonde amapunthwa pomwepo. Nthawi zina pulogalamu imasintha liu la Cinyanja mwa iyo yokha, kuliyesa liu la Cingerezi lolembedwa molakwika.

Palinso cilembo ca ŵ, cimene cimaoneka m'dzina la dziko la Malaŵi ndi m'mabuku ena akale. Cilembo comweci ciliponso m'cilankhulo ca anthu a ku Wales. Pa TeX wolemba angathe kuika kadenga kameneka pa cilembo ciri conse. Koma si fonti iri yonse imene iri naco, ndipo pamene cikusowa, pa pepala pamaturuka kabokosi kopanda kanthu kapena w wamba. Mu 1989 a Knuth analengeza kusintha kotsiriza kwakukulu, kuti TeX izilandira zizindikiro 256 m'malo mwa 128, cifukwa olemba zilankhulo zina anali kubvutika.

Khalidwe lao pa zolakwa ndilo lodabwitsa koposa. Olemba ambiri amakwiya akalozeredwa polakwika. A Knuth analonjeza kulipira madola 2.56 kwa munthu woyamba kupeza colakwa ciri conse m'mabuku ao. Ambiri olandira ceke cimeneci sanapite naco ku banki, koma anacipacika pa khoma. Kuyambira mu 2008, cifukwa ca akuba a m'mabanki, iwo amatumiza cikalata ca ulemu m'malo mwa ceke ceni-ceni.

Wolembetsa kalata ya munda, ya sukulu kapena ya maliro safunika kudziwa TeX. Cimene angacite ndi kuwerenga pepala lonse asanalipire, kuloza ndi cala pamene pali colakwa, ndi kupempha mwaulemu kuti wolembayo atseke kudula mau ndi kukonza mau kwa makinawo. Kukonza liu limodzi pa kompyuta kumatenga kamphindi cabe, pamene kubwereranso ku boma kucokera ku Chadiza kapena ku Vubwi kumadya ndalama za ulendo ndi tsiku lathunthu la kumunda.