Dalaivala amadziwa malamulo, koma masamu ake ndi ena

Asisi, lero tikambe za minibasi, ma Sienta ndi kabaza, poti ambirife ndi zomwe timakwera m'mawa ndi madzulo. Ngozi ikachitika timamva zifukwa zomwezomwezo: liwiro, kupitirira galimoto ina pakona, kudzaza anthu mopyola muyeso. Kenako wina amati madalaivala aphunzitsidwe. Koma kodi vuto ndi kusadziwa? Taonani zimene zimachitika apolisi a pamsewu akaonekera kutsogolo. Liwiro limatsika, lamba amamangidwa, foni imalowa m'thumba. Madalaivala anzake amakhala atamuphethirira kale magetsi kuti achenjere. Munthu wosadziwa malamulo sangachite zimenezo. Amawadziwa bwinobwino, kungoti kuwaphwanya kumamubweretsera ndalama.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Eni minibasi ambiri amafuna ndalama yawo ya tsiku, ija amati tageti. Pa zomwe zatoleredwa pachoke za mafuta, za kondakita, za oitanira pa siteji. Zotsalazo ndiye za ndiwo kunyumba kwa dalaivala. Mafuta akasowa n'kutaya theka la tsiku pamzere, bwana amadikirabe yake madzulo. Ndiye pa Chipembere Highway, pakati pa Limbe ndi Blantyre, aliyense amalimbirana wokwera amene waima kutsogoloyo. Lamulo limati atatu pampando, koma wachinayi uja ndiye phindu. Wa kabaza nayenso, ngati njinga ndi ya bwana, masamu ake ndi omwewo: anthu awiri kumbuyo, chipewa palibe, laisensi "tidzaona".

Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Njala si chilolezo chophera anthu. Ndikungoti amene amapindula kwambiri ndi liwirolo nthawi zambiri sakhala m'galimotomo. Ali kunyumba, akudikira ndalama pa foni, ndipo matayala akutha akuwadziwa.

Nanga chilango? Apa ndi pamene pagona nkhani. Tonse tinaonapo kondakita akutsika pa rodibuloko atapinda kena kake m'manja, n'kubwerako akuseka, risiti palibe. Tinaonanso okwera akutsitsidwa chapatali, n'kuyenda wapansi kudutsa pamalopo, kukakweranso kutsogolo. Alipo apolisi ogwira ntchito mokhulupirika, tisawaiwale. Koma chilango chikakhala chokambirana, chimasanduka gawo la ndalama zoyendetsera bizinesi, ngati mafuta. Dalaivala amaika "ya fanta" pambali m'mawa, basi tsiku lonse ali mfulu. Kukweza chindapusa pakokha sikuthetsa zimenezi, kumangokweza mtengo wa chiphuphu. Chimene chimasintha khalidwe la munthu ndi kudziwa kuti akalakwa agwidwa ndithu, kulikonse, ngakhale usiku, ndipo palibe zonyengererana.

Anzathu a ku Kenya anayesapo. Mu 2004 nduna ya zamtengatenga, John Michuki, inakhwimitsa malamulo a matatu, omwe ndi maminibasi akumeneko: makina oletsa kupyola makilomita 80 pa ola, lamba pampando uliwonse, kuletsa kudzaza, komanso kuti dalaivala ndi kondakita azilembedwa ntchito yokhazikika. Anthu anavutika mayendedwe masiku oyambirira, koma ngozi zinatsika. Patapita zaka, kukhwimitsako kutazirala, zakale zija zinabwerera. Phunziro lake ndi losavuta: lamulo la papepala silipulumutsa munthu. Zongokhwimitsa pa Khrisimasi ndi Pasaka, kapena sabata imodzi pakachitika ngozi yaikulu pa M1, madalaivala amadziwa kuti ndi mphepo yongodutsa.

Ndipo musaone ngati liwiro ndi nkhani yaing'ono. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ngozi zimenezi ndi zomwe zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ndi ifeyo amenewo, ndi ana athu. Limatinso munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti afe chimaposa kanayi poyerekeza ndi ya 50. Ndiye ganizirani misika ya m'mbali mwa M1, pa Lizulu kapena pa Tsangano, pomwe amayi amathamangira galimoto ndi mbale ya tomato, mwana ali kumsana.

Ngozi ikatha pamsewu imasamukira kunyumba. Pitani ku Queens kapena ku Kamuzu Central mukaone amene akugona pansi ngati magadiyani. Ambiri ndi amayi, akazi a odwala, azichemwali. Geni imaima, mpamba umathera ku mayendedwe ndi chakudya, mtsikana amasiya sukulu kuti asamale bambo wothyoka msana. Izi m'malipoti a ngozi sizilembedwa.

Mwina mukuti, "Nanga ife tingatani?" Zoona, mkazi akangoti "adalaivala, chepetsani liwiro," mayankho timawadziwa: "Gulani yanu, mayi," kapena "Tsikani ngati mukuopa," ena mpaka kutukwana kumene. Chopweteka n'choti okwera anzako amangoti zii, ena n'kumaseka. Komatu ku Kenya komweko ofufuza anamata timapepala m'matatu tolimbikitsa okwera kudzudzula dalaivala woyendetsa mosasamala, ntchito yomwe inadzatchedwa Zusha, ndipo ngozi za magalimoto amenewo zinachepa. Mawu a okwera ali ndi mphamvu, makamaka akakhala ambiri. Mutu umodzi susenza denga. Mnzathu akayankhula, tisamusiye yekha. Kungoti "akunena zoona" kumakwanira kusintha zinthu m'galimotomo. Ndipo tisiye kuuza wa kabaza kuti "thamangani ndachedwa," kenako n'kumadzamunena kuti ndi wosasamala. Chipewa chija, ngakhale chisokoneze tsitsi la dzulo, tivale.

Koma katundu yense asagwere okwera. Kwa a Road Traffic ndi apolisi tikupempha zinthu zomveka. Minibasi ikagwidwa ndi matayala akutha kapena mabuleki ofooka, mwini wake ayankhe nawo, osati dalaivala yekha. COF iperekedwe galimoto itayesedwadi. Chindapusa chilipidwe m'njira yosiya umboni, osati m'manja pamsewu. Madalaivala alandire malipiro odziwika m'malo mwa tageti. Laisensi ya kabaza ikhale yoti mnyamata wamba angaikwanitse, kenako lamulo ligwire aliyense, kuphatikizapo magalimoto a mabwana omwe amadutsa pa rodibuloko osaima.

Inu asisi, pa msewu womwe mumayenda tsiku ndi tsiku, munayamba mwadzudzulapo dalaivala? Anzanu m'galimotomo anakuthandizani kapena anakusiyani nokha? Tiuzeni.