Mmisiri azibwera chinthu chisanafe

Mu Area 36 muli makina ambiri kuposa momwe munthu wodutsa pamsewu wa M1 angaganizire. Kuseri kwa mipanda ya njerwa, ku Kaondo ndi ku Phwetekere, kuli zigayo, mapampu okweza madzi m'matanki, mafiriji a ogulitsa nkhuku ndi nsomba, majenereta, masola pamadenga, ndi mijigo ya pasukulu ndi pamatchalitchi. Masola ndi majenereta anachuluka makamaka kuchokera mu Januwale 2022, pomwe namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Anthu anatulutsa ndalama zomwe anasunga movutikira n'kugula makina.

Koma ambiri mwa makinawa amakumana ndi mmisiri tsiku lomwe afa basi. Chizolowezi chimenechi chikudya ndalama za anthu a m'dera muno, ndipo njira yochithetsera ilipo kale: mgwirizano woti mmisiri azibwera pa masiku oikika chaka chonse, kulipidwa pang'onopang'ono, zonse zikulembedwa mupulogalamu ya pafoni.

Tione chigayo. Bering'i siifa mwadzidzidzi. Imayamba kulira mosiyana ndi masiku onse, kenako kutentha moti dzanja silikhalitsa pachivundikiro chake. Lamba amayamba kuterereka, nyundo za m'kati zimatha mbali imodzi, ufa n'kumatuluka wokhakhala. Woyendetsa chigayo amamva zonsezi, koma amayi ali pamzere ndi matumba awo, ndipo bwana akufuna ndalama madzulo. "Chikuyendabe," amatero. Tsiku lomwe mota yapsa ndi pomwe foni imalira kwa makaniko, iye ali ku Biwi pansi pa galimoto ya munthu wina. Akabwera mawa lake, mtengo amatchula yekha, poti akudziwa kuti mwini chigayo alibe kothawira. Girisi ndi bering'i yatsopano zikadatha ndi ndalama yochepa; tsopano nkhani ndi yokulunganso mota, kuphatikiza masiku angapo chigayo chili chotseka, makasitomala atazolowera kwa mnzake.

Mmisiri asaimbidwe mlandu pamenepa. Momwe zinthu zilili, iye amadya chinthu chikafa. Pampu ikamayenda bwino chaka chonse, kunyumba kwake moto suyaka. Mgwirizano wa pamwezi umasintha zimenezi: mmisiri amalandira ndalama yake chinthu chikamayenda, ndipo chikafa amayenda ulendo wopanda malipiro owonjezera. Ndiye amayamba kumvetsera kulira kwa bering'i ndi khutu lina.

Izi si zachilendo m'Malawi muno. Pampu ya Afridev, yomwe ili pa mijigo yambiri m'dziko muno, inayamba kupangidwa kuno komwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ikutchedwa Maldev, isanakamalizidwe ku Kenya. Anaipanga dala kuti anthu wamba azitha kuisamalira. Munthu amamasula chivundikiro ndi sipanala imodzi, n'kumasolola ndodo zachitsulo imodziimodzi, mpaka kutulutsa pulanja popanda kuzula mapaipi. Pamenepo amaona kalabala kooneka ngati mphete, komwe kakatha madzi amachepa ngakhale mwana apope mpaka thukuta. Kalabala kameneka, pamodzi ndi mabushi apulasitiki a pachogwirira, ndi zinthu zotsika mtengo zofunika kusinthidwa zisanatheretu. Zikasiyidwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo zomwe zimaonongeka pamenepo sizigulika ndi ndalama ya msonkhemsonkhe wa tsiku limodzi.

Poona kuti makomiti a mijigo paokha sakwanitsa, bungwe la ku France la Inter Aide, ndipo pambuyo pake la kuno la BASEDA, anakhazikitsa amakaniko a m'madera m'boma la Lilongwe ndi maboma ena, pamodzi ndi magolosale ogulitsa zipangizo za Afridev. Amakanikowa amagwira ntchito mitundu iwiri: kukonza mjigo ukafa, ndi kulemberana mgwirizano ndi komiti kuti aziuyendera usanafe. Kumidzi kotero anayamba kale. Chodabwitsa n'chakuti m'tauni, momwe muli mafoni, netiweki ndi amisiri pakhomo ndi pakhomo, chizolowezichi sichinazike mizu.

Ku Kenya anapita patsogolo. Kampani ya FundiFix, yomwe inabadwa kuchokera ku kafukufuku wa yunivesite ya Oxford, imagwira ntchito m'madera a Kitui ndi Kwale. Midzi ndi masukulu amalipira pamwezi kudzera pa M-Pesa, ndipo kampaniyo imalonjeza kukonza pampu pasanathe masiku atatu. M'dera lomwe anayesera koyamba, pampu ikafa inkakhala pafupifupi mwezi isanakonzedwe. Ku Uganda bungwe la Whave limachita zofanana, ndipo amisiri ake amalipidwa potengera kuti madzi akutuluka masiku onse.

Nanga pulogalamu ya pafoni ikubwera pati? Mmisiri wa makasitomala asanu amasunga zonse m'mutu. Akafika makumi atatu, wina ku Kawale, wina ku Chinsapo, wina ku Area 23, mutu umalephera, ndipo kope limanyowa kapena kusowa. Mapulogalamu oyendetsera ntchito za amisiri oyendayenda, monga Jobber ya ku Canada ndi ServiceTitan ya ku America, anapangidwira vuto lomweli. Mgwirizano umalowetsedwa kamodzi, ndipo pulogalamu imatulutsa yokha ntchito ya mwezi uliwonse, kukumbutsa mmisiri, kutumiza uthenga kwa kasitomala, ndi kulemba lisiti.

Koma "kamodzi" ameneyu ndiye mwini nkhani, ndipo akalakwika pulogalamu imangobwereza cholakwacho mokhulupirika chaka chonse.

Choyamba kulembedwa si dzina la kasitomala ayi, koma chinthu chenichenicho. "Sukulu yakuti" sikokwanira. Pafunika kulemba pampu yakuti, mtundu wake, nambala yake, chaka chomwe inaikidwa, kuya kwa chitsime, chithunzi chake, ndi malo ake pamapu. Ku Area 36 zamapuzi n'zofunika kwambiri, chifukwa nyumba zambiri zimalondoledwa ndi mawu akuti "mukafika pamtengo wa mango mukhote kumanzere, geti lobiriwira". Mmisiri wamkulu akadwala n'kutuma wophunzira wake, mnyamatayo afike pakhomo loyenera, akudziwa kale zomwe zinasinthidwa ulendo watha.

Kenako masiku. Mapulogalamuwa amalola kunena kuti mwezi uliwonse, kapena miyezi itatu iliyonse, koma chaka cha ku Lilongwe sichiyenda mofanana choncho. Chigayo chimagwira ntchito yoopsa chimanga chikangokololedwa, choncho chionedwe bwino mu Epulo ndiponso kawirikawiri m'miyezi yotsatira. Masola amakwiririka ndi fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo mabatire a madzi amauma msanga m'nyengo yotentha ya Okutobala. Mu Okutobala ndi Novembala momwemo madzi a pansi amatsika, pampu n'kumakoka mpweya mpaka kupsa. Matanki, ngalande ndi zimbudzi zokumba ziyenera kuonedwa mvula isanayambe. Wolowetsa mgwirizano ayenera kukhala pansi ndi kalendala ya kuno, osangodina batani loyamba lomwe waliona.

Ulendo uliwonse ukhale ndi mndandanda wa zoti zichitike, wolembedwa m'Chichewa chomveka, kuti mlonda wa pasukulu kapena mayi wogulitsa madzi pakiyosiki athe kuwerenga n'kufunsa kuti, "Achimwene, apa alemba kuti muyeze madzi a m'batire, mwayeza?" Mmisiri ajambule chithunzi asanagwire ndi atamaliza. Kasitomala alandire uthenga pafoni yake, ngakhale ikhale ya mabatani, wonena zomwe zachitika ndi tsiku lomwe mmisiri adzabwerenso. Umboni usakhale m'foni ya mmisiri yokha.

Pomwe pamayambira mikangano ndi pa zipangizo. Mgwirizano unene poyera kuti ndalama ya pamwezi ikulipira ulendo, ntchito ya manja ndi tizinthu tothatha monga girisi, malabala ndi mafyuzi, pomwe mota, batire kapena inveta ndi za mwini chinthu. Unenenso kuti chinthu chikafa pakati pa mwezi mmisiri afika pasanathe masiku angati, ndipo akalephera achotseredwa zingati. Ndipo unene za mtengo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mmisiri yemwe anasainira mtengo umodzi wa chaka chonse, zipangizo zili momwemo, anagwira ntchito yaulere, ndipo munthu wotero amangosiya kuyankha foni. Ndi bwino kulemba kuti mtengo uziunikidwanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mbali zonse ziwiri zitakhala pansi.

Kugwa kwa kwachaku kukukhudzanso mapulogalamu enieniwo. Jobber ndi ServiceTitan amalipiritsa m'madola, ndipo anapangidwira makampani okhala ndi magalimoto ndi makhadi a kubanki. Pulambala woyenda pa kabaza, m'dziko lomwe madola akusowa ndi m'mabanki momwe, sangayambire pamenepo. Iye akufunika pulogalamu yogwira ntchito ngakhale bandulo yatha, yolandira ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, yolipiridwa m'makwacha. Zoterezi n'zotheka kuno. Pulogalamu yaulere ya mWater, yomwe imalola kulemba popanda intaneti, inagwiritsidwa ntchito ndi boma pamodzi ndi yunivesite ya Strathclyde, ndi thandizo la boma la Scotland, kulemba malo otungapo madzi opitirira 100,000 m'dziko muno. Makampani ogulitsa masola pangongole, monga Yellow, amayendetsa maejenti awo ndi malipiro a makasitomala pafoni. Achinyamata olemba mapulogalamu mumzinda muno ali ndi msika pano womwe ukuwadikira. Ndipo poyambira, kalendala ya pafoni yokhala ndi zikumbutso, gulu la WhatsApp la komiti, ndi pepala losainidwa ndi mbali zonse zimagwira ntchito ndithu.

Pali zodandaula ziwiri zomwe siziyenera kunyozedwa. Choyamba n'chakuti anthu ambiri kuno amapeza ndalama ya tsiku ndi tsiku, ndipo kulipirira chinthu chomwe chikuyenda bwinobwino kumaoneka ngati kutaya. Dandauloli ndi loona pa banja limodzi lokhala ndi sola ya nyali zitatu. Mgwirizano wotere si wa iwo. Ndi wa iwo omwe chinthu chikafa amataya ndalama kapena kuika anthu pachiswe: eni zigayo, mabutchala, malandilodi a nyumba zambiri pa tanki imodzi, masukulu, zipatala, matchalitchi ndi mizikiti. Komanso anthu a kuno sakuphunzira lero kusonkha pamwezi. Amayi a banki mkhonde ndi a chipereganyu amasunga tsiku lawo mosaphonya, chifukwa malamulo ndi odziwika ndipo buku limawerengedwa pamaso pa onse. Ndalama ya mmisiri ikufunika mwambo womwewo.

Chachiwiri ndi kukhulupirirana. Aliyense amadziwa nkhani ya mmisiri yemwe analandira ndalama ya zipangizo, sabata yotsatira n'kumveka kuti ali ku Joni. Pachifukwa chimenechi malipiro azibwera ulendo utachitika, osati chaka chonse pakamodzi, ndipo mbiri ya makina ikhale ya mwini makina, kuti mmisiri akasintha wolowa m'malo asayambire pachabe. Mmisiri woona mtima nayenso apindula. Munthu wokhala ndi migwirizano makumi awiri yolembedwa, ndi malisiti a chaka chathunthu, ali ndi choonetsa akafuna ngongole, ndipo angathe kulemba wophunzira ntchito podziwa kuti kumapeto kwa mwezi kuli kanthu.

Pa madzi, nkhaniyi imaposa ndalama. Kuyambira 2006, makiyosiki ambiri m'madera ngati ano akhala akuyendetsedwa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi mogwirizana ndi Lilongwe Water Board, ndipo ena tsopano ndi a e-Madzi, otungira ndi khadi. Kiyosiki, tanki ya pasukulu kapena mjigo zikaima kwa sabata, anthu sasiya kumwa madzi. Amapita ku zitsime zosaya zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu opitirira 59,000 ndi kupha opitirira 1,700. Mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Febuluwale kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwira ku Mgona. Mpopi wa pasukulu womwe waima chifukwa cha kalabala kotha ndi mbali ya nkhani imeneyo.

Mabungwe omwe amapereka mijigo ndi masola asamachoke atangodula riboni. Mgwirizano wa chisamaliro wa zaka ziwiri zoyamba ukhale m'bajeti ya ntchitoyo. TEVETA, yomwe yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ionetsetse kuti wophunzira upulambala kapena zamagetsi akutuluka akudziwa kuwerengera mtengo wa mgwirizano ndi kuulowetsa m'foni.

Koma eni Area 36 asadikire zimenezo. Makomiti a masukulu, akuluakulu a mipingo, eni zigayo ndi mafumu a m'madera, itanani mmisiri wanu mwezi uno chinthu chikadali chamoyo, muyende naye kulemba makina onse omwe muli nawo, ndipo mugwirizane tsiku la ulendo woyamba mvula isanagwe.