Mwana akatsiriza Giredi 12, ndalama za ku koleji zicokera kuti?

Kucokera mu Januwale 2022, ana m'masukulu a boma akuphunzira kwaulere mpaka Giredi 12. Ana ambiri amene anali atasiya sukulu cifukwa ca malipiro anabwerera m'kalasi, ndipo caka ndi caka gulu la ofika pa mayeso otsiriza likhala likukula. Koma maphunziro aulere amathera pa Giredi 12 pomwepo. Ku koleji ndi ku yunivesiti kulipira kukalipo, ndipo thandizo la boma silikwanira onse opempha. Kawirikawiri amene amalipeza ndi mabanja amene anayamba kukonzekera mwana asanalembe mayeso.

Thandizo lodziwika kwambiri ndi nkhongole ya bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, kapena kuti HELSB. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, kulowa m'malo mwa komiti yakale yopereka ma bursary. Limathandiza ophunzira a m'mayunivesiti a boma monga UNZA, CBU, Mulungushi, Mukuba, Kwame Nkrumah, Chalimbana ndi Kapasa Makasa. Mwana ayenera kupeza malo pa yunivesiti coyamba, kenaka n'kupempha nkhongole. Ena amapatsidwa yokwanira malipiro onse, ena gawo cabe, ndipo cotsalaco cimagwera banja. Ndalama ya cakudya, imene inacotsedwa mu 2019, inabwezedwa mu 2023. Komabe ya mafomu, ya ulendo, zofunda ndi lendi ya mwana amene sanapeze cipinda pa sukulu zimafuna thumba la makolo.

Ambiri a ife tikali kuichula ndalamayi kuti bursary, ngati kuti ndi mphatso, pamene lamulo limati ndi nkhongole. Amene anathandizidwa kuyambira mu 2004 akufunika kubweza, ndipo kwa amene ali pa nchito, wowalemba nchito amadula ndalamayo pa malipiro a pa mwezi. Ciwongoladzanja cinatsitsidwa mu 2024 kucoka pa 15 kufika pa 10 peresenti, komabe ndi katundu amene mwana adzasenza kwa zaka. Conco asanasaine, banja likhale naye pansi ndi kufunsa ngati maphunziro amene wasankha angam'patse nchito yoti abweze nayo. Nkhaniyi ikukhudzanso ena a ife mu mpingo amene tinaphunzira ndi ndalama imeneyi. Zimene timabweza n'zimene zimabwereketsedwa kwa acicepere otsatira, ndipo amene amazemba kubweza amacepetsa mwai wa mwana wa mnzake.

Njira ina imene mabanja ambiri amaiderera ndi thumba la CDF. Mu 2022 ndalama ya konsticuwensi iliyonse inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni. Gawo la ndalamayi limalipirira acinyamata ocokera m'mabanja osowa kuti aphunzire nchito za manja m'masukulu olembetsedwa ku TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute. Iyi sibwezedwa. Pempho limadutsira ku komiti ya citukuko ya mu wadi, ndipo mafomu amapezeka kumeneko kapena ku khonsolo. Makolo ena amaona ngati mwana wophunzira zamagetsi, zomangamanga kapena zamakaniko walephera. Koma mwana wotere amatsiriza alibe nkhongole, ndipo angathe kudzilemba yekha nchito. Cofunika kudziwa n'cakuti malipiro a CDF nthawi zina amacedwa kufika ku sukulu, conco ndi bwino kusungako kangacepe ka masabata oyamba.

N'cifukwa ciani ana ena ocita bwino amatsala? Nthawi zambiri vuto limakhala pa mapepala ndi pa nthawi. Wopempha amafunika citupa ca NRC, cimene munthu angatenge akakwanitsa zaka 16. Dzina la pa citupa liyenera kufanana ndi la pa zotsatira za ECZ, pakuti kusiyana kwa cilembo cimodzi kungaimitse pempho. Mwana wamasiye amafunika cikalata cosonyeza imfa ya makolo, ndipo pa maliro ambiri a kumudzi cikalataci sicitengedwa. Kucifunafuna tsiku lotsekera mafomu litayandikira n'kucedwa. Ndiponso zotsatira za mayeso zimatuluka ca mu Januwale, pamene ndalama ya mlimi ili m'munda mu feteleza ndipo nkhokwe zapepuka. Nyengo yabwino yopatula ndalama ya mwana ndi ya malonda a cimanga, soya ndi nshawa. Amene ali mu cilimba angapemphe kuti turo lawo lolandira ligwere pa miyezi imene mwana adzafuna ndalama.

Pamene malo m'masukulu a boma acepa, makoleji a anthu wamba akuculuka, ndipo si onse amene ndi ovomerezeka. Musanapereke ngwee, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro ake zinalembetsedwa ku Higher Education Authority kapena ku TEVETA. Samalaninso ndi munthu aliyense wonena kuti mukam'patsa kena kake adzaikitsa dzina la mwana pa mndandanda wa olandira nkhongole.

Apa mpingo uli ndi gawo lake. Pakati pathu pali aphunzitsi, ogwira nchito ku khonsolo ndi acinyamata amene anadutsa kale mu HELSB. Iwo angakhale pansi ndi ana a Giredi 11 ndi 12 pamodzi ndi makolo awo, kuona mapepala a mwana aliyense, kuwaonetsa kalembedwe ka mafomu a pa intaneti, ndi kulengeza masiku otsekera m'zidziwitso za pa Sabata. Akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano amadziwa nyumba zimene muli ana amasiye ndi agogo osatha kuwerenga. Nyumba zimenezo ndizo zoyenera kuyenderedwa coyamba, mayeso asanayambe.