Mapepala Athu Asanalowe M'madzi



Madzi akasefukira kuno kwa Kasisi ndi m'chigwa chonse cha Shire, timawerenga nyumba zogwa, mbuzi zotengedwa ndi minda yokokoloka. Zimene sitiwerenga ndi mapepala: satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, kalata ya kubadwa, khadi ya ubatizo, kabuku ka kuchipatala. Tinaziona mu 2015. Tinazionanso mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, ndiponso mu Malichi 2023 pa nthawi ya Freddy. Khoma la nyumba timalidzutsa ndi manja athu, koma satifiketi ikasungunuka pamafunika makalata, ndalama ndi ulendo wa ku MANEB ku Zomba.

Ganizo lathu ndi lakuti mvula isanayambe, aliyense ajambule mapepala ake ndi kuwatumiza pa intaneti, komatu akudziwa chimene akuchita.

Tikadina batani lotumizira, fayilo ichoka m'foni nipita ku kompyuta ina yotchedwa seva, imene kawirikawiri ili kutsidya kwa nyanja. Kumeneko pulogalamu iyamba yaona mtundu wa fayiloyo, kaya PDF kaya JPG, ndi kukula kwake. Ndicho chifukwa chake chithunzi cholemera kwambiri nthawi zina chimakanidwa. Kenaka database ilemba mzere umodzi: nambala, mwini wake, tsiku, ndi malo amene fayiloyo yaikidwa, pena nisunganso fayilo yeniyeniyo momwemo. Kwa ife izi si zachilendo. Kaundula wa ubatizo ku parishi amayenda chimodzimodzi: nambala, dzina, makolo, tsiku, ndipo pambali pake pamawonjezedwa za ulimbitso ndi ukwati. Kusiyana kwake n'kwakuti buku limakhala m'kabati imodzi, pamene database ingathe kukoperedwa m'malo angapo.

Tisaiwale kuti imeneyi ndi nkhokwe ya eni ake, ndipo nayonso imalowa anankafumbwe. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowerera makina a mapasipoti, ndipo kwa masabata ambiri anthu sanathe kulandira mapasipoti awo. Ngati za boma zingaime chotero, nanga zathu? Choncho pepala lenileni likhale m'pulasitiki pamwamba, chithunzi chikhale m'foni, china pa intaneti. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, malo okwanira mapepala a banja lonse ndi kutsalako. Chithunzicho sichilowa m'malo mwa satifiketi ayi, koma chimasunga nambala ndi chaka, zimene amayamba kufunsa ku ofesi.

Chotidetsa nkhawa koposa ndi chizolowezi chathu chotsegulitsa imelo kwa mnzathu wodziwa za mafoni, iye n'kutsala ndi pasiwedi, ndiponso chosiya chithunzi cha chiphaso m'foni yobwereka. Chiphaso chomwecho ndicho chimalembetsera simu khadi ndi akaunti ya ndalama za pa foni, ndipo wachinyengo safuna zambiri. Lamulo loteteza uthenga wa munthu linakhazikitsidwa mu 2024, a MACRA ndiwo akuliyang'anira, koma lamulo silidzafufuta chithunzi chimene tinasiya tokha m'foni ya wina. Tikabwereka foni, titumize, tituluke mu akaunti, tifufute chithunzicho mwini wake akuona. Pasiwedi tiilembe papepala, tisungitse kwa mbale wokhulupirika wokhala kumtunda, pakuti simu khadi yobwezeretsera akaunti nayonso imapita ndi madzi.