Ululu wa m'mimba ndi msana kwa amayi olera ndi njira ya pamkono

Kusikelo ndi kumjigo, amayi ena amadandaula kuti chiwaikireni Jadelle kapena Implanon, m'munsi mwa mimba mumapota ndipo msana suwapatsa mtendere. Mphekesera imati kachipangizoko kachoka pamkono n'kukafika m'mimba, koma ululuwo suchokera kumeneko.

Jadelle ndi timapulasitiki tiwiri togwira ntchito zaka 5, pamene Implanon ndi kamodzi ka zaka 3. Njira zonsezi zimatulutsa pang'onopang'ono mahomoni a progestin, amene amaletsa dzira kukhwima. Nthawi zina kathumba ka dzira kamakula mopitirira m'thumba losungira mazira, ndipo mayi amamva kupweteka. Kawirikawiri kamaphwa kokha, ndipo paracetamol kapena ibuprofen amathandiza.

Komabe si ululu wonse wofunika kuupirira. Mwa amayi 100 olera ndi njirayi, wotenga mimba pa chaka safika ndi mmodzi yemwe, koma mimba ikachitika imatha kukhala kunja kwa chiberekero. Ululu wobaya mbali imodzi, chizungulire kapena kukomoka zimafuna chipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a TB a rifampicin ndi ARV ya efavirenz amafooketsa njirayi, choncho namwino ayenera kuuzidwa ngati mayi akumwa amenewa.

Kutentha thupi ndi chikazi chonunkha zimaloza matenda a m'chiberekero, poti njirayi siteteza ku matenda opatsirana pogonana.

Ululu ukapitirira, mayi ali ndi ufulu wopempha kuti amuchotse kachipangizoko kuchipatala n'kusankha njira ina.